Kalata yopita ku Johannesburg: Israeli wa lero ndi maulosi a m'Baibulo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tonse tili bwino.

Mwafunsa mmene mungatsogolere phunziro la Baibulo pa nkhani imene yagawa mpingo wanu, pomwe ena akuti kuima ndi boma la Israeli ndi lamulo la Mulungu, ena akuti zimenezo ndi ndale chabe. Sizodabwitsa kuti yafika potentha kumeneko, poti ndi boma la South Africa limene linasumira Israeli ku khoti la maiko onse ku The Hague mu Disembala 2023. Maganizo anga ndi akuti Mulungu sanawataye Ayuda, koma palibe vesi lopatsa munthu chilolezo chodumpha kuchoka kwa Ezekieli n'kukatera pa boma la lero osafunsa mafunso angapo panjira.

Choyamba muchotse chisokonezo chimodzi. Mipingo ya Ziyoni imene mukuiona kumeneko, monga Zion Christian Church (ZCC) ya ku Moria, mizu yake ili kwa John Alexander Dowie wa ku Zion City m'boma la Illinois ku America. Ngakhale maina akufanana, ilibe ubale ndi Zionism, gulu la ndale la Theodor Herzl, limene linachita msonkhano wake woyamba ku Basel mu 1897 pofuna kupezera Ayuda dziko lawolawo.

Kenako anthu adziwe kumene kunachokera chiphunzitso chakuti boma la Israeli wa lero ndi kukwaniritsidwa kwa maulosi a m'Baibulo, chifukwa ambiri amayesa kuti mpingo wakhala ukuphunzitsa chomwecho chiyambire. John Nelson Darby wa gulu la Plymouth Brethren, m'zaka za m'ma 1830, ndiye anakhazikitsa mfundo yakuti Mulungu ali ndi anthu a mitundu iwiri ndi madongosolo awiri: Israeli amene malonjezo ake ndi a padziko lapansi, ndi mpingo umene malonjezo ake ndi akumwamba. Mpingo udzakwatulidwa, kenako padzakhala zaka 7 za chisautso chachikulu pomwe Mulungu adzayambirenso kuchita ndi Israeli. Chimene chinafalitsa maganizowa ndi Baibulo la C. I. Scofield la mu 1909, lokhala ndi ndemanga pansi pa tsamba lililonse, moti owerenga ambiri sankasiyanitsanso mawu a Mulungu ndi mawu a Scofield. Ndale zinkayenda pambali pake: William Blackstone anapereka chikalata kwa pulezidenti Benjamin Harrison mu 1891 chopempha kuti Ayuda apatsidwe Palestina, Britain inatulutsa lonjezo la Balfour mu 1917 lovomereza kuti Ayuda akhale ndi kwawo ku Palestina, dziko la Israeli linalengezedwa pa 14 Meyi 1948, ndipo mu Juni 1967 linalanda kum'mawa kwa Yerusalemu. Kwa munthu woleredwa ndi ndemanga za Scofield, zonsezi zinali ngati tsamba la Baibulo likuchitika m'maso mwake.

Tsono vesi lililonse limene wina abweretse, muliyese ndi mafunso anayi, motsatana.

Loyamba: mneneriyu analankhula liti, ndipo kwa yani? Ezekieli anatengedwa ukapolo kupita ku Babulo m'chaka cha 597 Yesu asanabadwe, ndipo Yerusalemu anapasuka mu 586. Masomphenya a mafupa ouma a m'chaputala 37 ankawauza akapolo anzake amene ankati chiyembekezo chawo chatha. Yeremiya 29:10 anaika malire a zaka 70. Koresi anawalola kubwerera mu 538, monga Ezara 1 akufotokozera, ndipo kachisi anamangidwanso cha m'ma 516. Wonena kuti mafupa ouma ndi 1948 ayambe wafotokoza chifukwa chake si 538. Apa musawanyoze a mbali inayo, chifukwa yankho ali nalo: Zekariya analosera anthu atabwerako kale ku Babulo, komabe m'chaputala 8 ndi 10 akulonjezabe kusonkhanitsidwa kwina, ndipo Amosi 9:15 akuti sadzazulidwanso, pomwe Aroma anawononga Yerusalemu m'chaka cha 70 Yesu atabadwa. Mfundo yawo yolimba ndi imeneyi, ndipo mukaibisa anthu adzaipeza okha n'kusiya kukukhulupirirani.

Lachiwiri: kodi lonjezolo lili ndi zoyenera kutsata? Pangano la Genesis 15 Mulungu analumbira yekha, ndipo Genesis 17:8 akuti dzikolo ndi lawo kosatha. Koma kukhalamo ndi nkhani ina. Levitiko 25:23 akuti dziko ndi la Mulungu, Aisraeli ndi alendo chabe. Levitiko 18:28 akuchenjeza kuti dziko lidzawasanza akalidetsa. Deuteronomo 30 amaika kulapa patsogolo, kubwerera pambuyo. Anzathu aja amayankha ndi Ezekieli 36:24-26, pomwe kusonkhanitsidwa kumayamba ndipo mtima watsopano umatsatira. Chabwino, koma Ezekieli yemweyo pa 47:22 akulamula kuti alendo okhala pakati pawo alandire nawo cholowa cha malo ngati mbadwa. Vesi limeneli silimveka kawirikawiri pa misonkhano ya ulosi, ndipo ine ndingayambire pomwepo.

Lachitatu, lolemera koposa onse: Yesu ndi atumwi analigwiritsa ntchito bwanji vesilo? Pano mutaye nthawi yokwanira. Genesis 12:3, vesi la kudalitsa odalitsa Abrahamu, ndilo limatchulidwa kwambiri, makamaka pa nthawi ya chopereka. Paulo pa Agalatiya 3:8 akulitcha uthenga wabwino umene unalalikidwiratu kwa Abrahamu, pa vesi 16 akuti mbewu yolonjezedwayo ndi Khristu, ndipo pa vesi 29 akuti onse a Khristu ndi mbewu ya Abrahamu. Pa Aroma 4:13 cholowa cha Abrahamu chakula, chafika pa dziko lonse lapansi. Pa Machitidwe 15 Yakobo akutenga ulosi wa Amosi 9 wa kumangidwanso kwa msasa wa Davide n'kunena kuti ukugwirizana ndi kutembenuka kwa anthu a mitundu ina. Ophunzira atafunsa pa Machitidwe 1:6 ngati ufumu ubwezeredwa kwa Israeli nthawi yomweyo, Yesu sanawadzudzule pa funsolo, koma anakana kutchula nyengo n'kuwatuma kukachita umboni kufikira malekezero a dziko. Mbali zonse ziwiri zimadalira vesi limeneli, ndiye muwerenge mawu ake mwachifatse kuti anthu aone zimene wanena ndi zimene sananene.

Pomwepo mutsegule Aroma 9 mpaka 11, machaputala onse atatu pa tsiku limodzi, osadula. Amene amati mpingo unalowa m'malo mwa Ayuda ndipo nkhani yawo inatha amapunthwa pano. Paulo akufunsa ngati Mulungu anataya anthu ake, n'kukana kwamtuwagalu. Mtengo wa azitona ndi umodzi, ife amitundu ndife nthambi zomezanitsidwa, ndipo tikuchenjezedwa kuti tisadzitame. Pa 11:26 akuti Israeli yense adzapulumuka, pa 11:29 akuti mphatso ndi maitanidwe a Mulungu sasinthika. Chenjezo limeneli mpingo unalinyalanyaza kwa zaka mazanamazana: Martin Luther analemba zoopsa zonyoza Ayuda mu 1543, ndipo pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Ayuda 6 miliyoni anaphedwa ku Ulaya m'maiko odzitcha achikhristu. Mpingo wa Katolika unakana poyera chidani chimenechi mu chikalata cha Nostra Aetate mu 1965. Komanso muwaonetse kuti m'machaputala atatuwo Paulo akulirira chipulumutso cha abale ake, ndipo za malire a dziko, boma kapena asilikali sakuzitchula.

Lachinayi: kodi kawerengedwe kameneka kanayesedwapo kale? Fanizo la mkuyu la pa Mateyu 24:32-34 ndi chitsanzo chabwino. Hal Lindsey, m'buku lake la mu 1970, anati mkuyu wophuka ndi Israeli wa 1948, mbadwo ndi zaka pafupifupi 40, choncho zonse zikhoza kuchitika cha m'ma 1988. Edgar Whisenant anafika polemba zifukwa 88 zakuti mkwatulo uchitika chaka chomwecho. Chitadutsa, ena anasuntha poyambira n'kuika 1967, ena anatalikitsa mbadwo kufika zaka 70 kapena 80. Cholakwika chili pa chiyambi penipeni: Luka 21:29 akuti mkuyu ndi mitengo yonse, kusonyeza kuti Yesu ankanena za kuzindikira nyengo. N'chimodzimodzi masabata 70 a Danieli 9, amene ndi zaka 490. Kuti chisautso cha zaka 7 chikhale cha m'tsogolo, pamafunika kulowetsa mpata wa zaka pafupifupi 2,000 pakati pa sabata la 69 ndi la 70, ndipo mpatawo lembalo siliutchula. Afunseni modekha akuonetseni pamene wautenga.

Pali china chimene chimandiwawa. Aphunzitsi ena a chiphunzitsochi amati Zekariya 13:8, pomwe magawo awiri mwa atatu a anthu adzaphedwa, akunena za Ayuda a m'tsogolo. Kulimbikitsa anthu kusamukira ku malo amene ukukhulupirira kuti ambiri akafera komweko, n'kumati ndi chikondi, Ayuda ambiri amakukayikira, ndipo sindiwadabwa.

Musatseke phunzirolo osatchula Akhristu a ku Palestina. Mu 1948 anthu a ku Palestina pafupifupi 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo, ndipo ena mwa iwo anali obatizidwa. Mu 2006, chaka chomwe John Hagee anakhazikitsa bungwe la Christians United for Israel, atsogoleri anayi a mipingo ku Yerusalemu, kuphatikizapo Michel Sabbah wa Katolika ndi Munib Younan wa Lutheran, anasainira chikalata chokana chiphunzitsochi. Mu 2009 panatulukanso chikalata cha Kairos Palestine, cholembedwa ndi Akhristu a ku Palestina. Amenewa ndi abale athu a pa gome limodzi la Mgonero. Anthu pafupifupi 1,200 amene anaphedwa pa chiwembu cha Hamas cha pa 7 Okutobala 2023 ndi zikwi zambirimbiri zimene zafa ku Gaza, onse ndi olengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo mpingo uwatchule onse m'pemphero.

Wina adzanena za kwathu, kuti Malawi sanadule ubale ndi Israeli mu 1973 pomwe maiko ambiri a mu Africa anadula, kuti tinatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv mu 2024, ndiponso kuti achinyamata athu akugwira ntchito m'minda ya kumeneko kuyambira 2023. Zonsezo n'zoona, ndipo ziweruzidwe ngati nkhani za boma, poyang'ana malipiro, chitetezo cha anawo ndi chilungamo. Genesis 12:3 asakhale chotsekera pakamwa munthu amene akufunsa zimenezo.

Phunziroli muligawe masabata anayi, funso limodzi pa sabata, ndipo Aroma 9 mpaka 11 muwapatse tsiku lawolawo. Aliyense abwere ndi Baibulo lopanda ndemanga. Wotchula vesi awerenge chaputala chonse mokweza asanayambe kumasulira, ndipo makanema a pa WhatsApp adikire kaye mpaka sabata lomaliza.

Mundilembere mmene sabata loyamba layendera. Moni kwa alamu, ana ndi akulu ampingo.

Ine bwenzi lanu.