Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe pa za magemu akale ojama ndi osokoneza zithunzi

A Tcheyamani, a Mlembi, a Msungichuma ndi inu nonse eni mashopu a magemu a ku Dedza boma, Linthipe, Chimbiya, Bembeke ndi kumunsi ku Mtakataka, ndalemba lipotili kuti muwerengeretu tisanakumane kumapeto kwa mwezi. Malisiti a thiransipoti ndi malo ogona ndapereka kale kwa a Msungichuma, ndipo aliyense amene anali ndi nkhawa ndi ndalama ya gulu angathe kukawaona.

Msonkhano unayamba ndi pemphero ndi zolankhula za alendo. Panali phunziro la kasungidwe ka mabuku a bizinesi ndi lina la kudziteteza pa intaneti. Mapepala ake ali kwa a Mlembi. Chimene chinalipira ulendowu ndi phunziro la amisiri okonza makompyuta, pakuti linandionetsa kuti makina ambiri amene ife tawaunjika pakona n'kumati anatha ntchito ndi amoyo ndithu. Vuto lathu ndi loti gemu ikangojama timathamangira kufomata, kapena kuyamba kufunsa mtengo wa kompyuta ina, tisanadziwe chimene chavuta.

Amisiriwo anati choyamba ndi kusiyanitsa matenda awiri. Kujama ndi pamene kompyuta ikulephera kujambula zithunzi zokwanira pa sekondi. Sikirini zathu zambiri zimasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, ndipo gemu ikatsika pansi pa 25 osewera amayamba kudandaula kuti padi sikumvera. Kusokonekera kwa zithunzi ndi nkhani ina: mizere, timabokosi tamitundumitundu, misewu yosowa, nkhope za osewera mpira zakuda bii. Pa vuto lachiwirili njira yodziwira gwero lake ndi yosalira ndalama. Dinani Print Screen vutolo likuoneka, sungani chithunzicho, mukachitsegule pa foni kapena pa kompyuta ina. Chikaoneka chabwinobwino, cholakwa chili pa kebulo kapena pa sikirini. Kebulo ya VGA ikapindika kamsomali kamodzi mkati, chithunzi chonse chimasanduka chapinki, chachikasu kapena chabuluu, ndipo mankhwala ake ndi kebulo ina basi. Mizere ikaonekanso pa chithunzi chosungidwacho, vuto lili mu khadi la zithunzi kapena mu driver, pulogalamu imene imathandiza Windows kugwiritsa ntchito khadilo. Ikamaoneka kompyuta itangoyatsidwa, Windows isanatseguke n'komwe, khadilo ndiye ladwala ndipo palibe pulogalamu imene ingalichize.

Za driver. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani dxdiag, mupite pa Display. Pakalembedwa Microsoft Basic Display Adapter, dziwani kuti khadi lanu silikugwira ntchito, purosesa ikusenza yokha katundu yense. Ndikukhulupirira kuti makina ambiri ofomatidwa kuno ali chonchi, chifukwa ofomata amathera pa kuika Windows ndi VLC n'kulandira ndalama yawo. Driver wolakwika achotsedwe ndi Display Driver Uninstaller kompyuta ili mu Safe Mode, kenako muike woyenera wochokera kwa Intel, NVIDIA kapena AMD eniake.

Chachiwiri ndi mafayilo akale a DirectX, mapulogalamu a Microsoft amene magemu amadalira pojambula zithunzi. Ambirife timaganiza kuti popeza Windows 10 ili ndi DirectX 12, zakale zonse zili momwemo. Ayi. Need for Speed Most Wanted ya 2005 ikamakana kutseguka n'kumati d3dx9_26.dll palibe, ikufuna phukusi la Microsoft lotchedwa DirectX End-User Runtimes la June 2010. Ndi la ma MB pafupifupi 95, mumalimasulira mu foda ina iliyonse n'kutsegula DXSETUP.exe. Musamatole fayilo imodzi yokha ya dll pa mawebusayiti osadziwika, ndimo mmene mavairasi amalowera. GTA Vice City nayo pa Windows 10 imafuna DirectPlay: Control Panel, Programs, Turn Windows features on or off, Legacy Components, n'kuchonga DirectPlay.

Apa ndiime pang'ono pa nkhani ya flashi. Tinagwirizana kale kuti gulu likhale ndi flashi imodzi yoyera ya mapulogalamu, koma imene ikuyenda m'mashopu mwathu ndi yodzaza ndi vairasi ija yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Ena akuikamo nyimbo ndi mafilimu a makasitomala. Vairasi imadya mphamvu ya purosesa mwakachetechete, ndiye gemu nayo imajama, ife n'kumanena kuti makina ndi ofooka. Nkhaniyi ndaidandaula kangapo pa mikumano yathu ndipo siinayankhidwe.

Tsopano GTA San Andreas, imene ana amaikonda kuposa zonse. Izi zinandisangalatsa kwambiri moti ndinapempha mmisiri uja kuti abwereze. Mu Options, pa Display Setup, Advanced, muli Frame Limiter, imene imaika malire a zithunzi pa sekondi. Ambirife timaizimitsa chifukwa gemu imaoneka ngati yapepuka. Koma gemuyi inapangidwa kuti kayendedwe ka zinthu kaziwerengeredwa pa zithunzi 30 pa sekondi. Zikachuluka kwambiri, CJ, munthu amene mumamuyendetsa mu gemuyi, amasambira pang'onopang'ono, galimoto imaima msanga mukangosiya kuponda moto, ndipo mamishoni ena amavuta kuwamaliza. Mu Vice City galimoto imalephera kubwerera m'mbuyo bwinobwino. Mwana akamati gemu yanu ndi yobera, nthawi zambiri chifukwa chake ndi chimenechi. Tsono Frame Limiter ikayatsidwa pa San Andreas ya pa kompyuta, gemu imathera pa zithunzi 25 m'malo mwa 30 chifukwa cha kachedwetsedwe ka mamilisekondi 14 kamene kali mkati mwake. Pulogalamu yaulere yotchedwa SilentPatch imachotsa kachedwetsedweko, gemu n'kumayenda pa 30 yeniyeni, ndipo imakonzanso vuto la mausi yosiya kugwira ntchito pakati pa gemu. Kuti igwire pamafunika ASI loader, kafayilo kamene kamalowetsa zowonjezera zotere mu gemu, mu foda ya gemu, ndipo zinthu zimayenda bwino pa gta_sa.exe ya version 1.0. Amene mulibe SilentPatch, mausi ikafa tsegulani Task Manager, Details, dinani kumanja pa gta_sa.exe, Set affinity, musiye CPU 0 yokha. Gemu ikamakana kutseguka mutasintha sikirini, fufutani fayilo ya gta_sa.set mu Documents, mu foda ya GTA San Andreas User Files. Imadzipanganso yokha, ndipo ma save a ana sakhudzidwa.

Misewu ndi nyumba zikamasowa, galimoto n'kumayenda pamwamba pa phompho, kawirikawiri ndi ma mod, zinthu zowonjezera monga magalimoto atsopano, olemera amene tadzazamo. Gemuyi ili ndi malo ochepa osungira zinthu zimene ikuonetsa, ndipo galimoto imodzi ya mod imatha kulemera kuposa magalimoto ambiri a gemu yeniyeni. Chepetsani ma mod, tsitsani Draw Distance, Visual FX Quality ikhale Low kapena Medium. Komanso gemu ya 32-bit siidutsa 2 GB ya RAM ngakhale kompyuta ili ndi 8 GB, pokhapokha mutaipatsa 4GB Patch pa Windows ya 64-bit. Musanakhudze fayilo ya exe, koperani ina muisunge pambali.

Za gemu ya mpira ya PES 2013, zonse zili mu settings.exe mu foda ya gemu. Tsitsani resolution musanakhudze china chilichonse. Pa 1920x1080 khadi limajambula timadontho 2,073,600 pa chithunzi chilichonse, pamene pa 1280x720 ndi 921,600, osafika ndi theka lomwe. Pa TV imene ana akhala mamita awiri kutali, kusiyana kwake sikuoneka kwenikweni, koma mpira umathamanga. Frame skipping muiyatse pa makina ofooka kuti masewera asamayende ngati akuonetsa kubwereza kwa chigoli. Vsync imachotsa kung'ambika kwa chithunzi chapakati pamene kamera ikutembenuka, koma muiyatse pokhapokha makina akukwanitsa zithunzi 60, apo ayi imawonjezera kuchedwa kwa padi.

Anationetsanso dgVoodoo2, pulogalamu yothandiza magemu akale kwambiri a DirectX 8 kutsika m'munsi amene amatulutsa mitundu yolakwika kapena sikirini yakuda. Mumatenga mafayilo a mu foda ya MS, x86, monga DDraw.dll, D3DImm.dll ndi D3D8.dll, n'kuwaika pambali pa exe ya gemu. Muzitenga a x86 ngakhale Windows yanu ili ya 64-bit, pakuti chimene chikuwerengedwa ndi gemuyo. Pa makina a Core 2 Duo okhala ndi khadi la zithunzi la Intel GMA 3100 siigwira, musatayepo nthawi. Pulogalamu ina yofananako yotchedwa DXVK anaikambanso, koma imafuna Vulkan, njira ina yojambulira zithunzi imene makhadi athu a Intel HD 3000 ndi HD 4000 alibe pa Windows, choncho kwa ife ilibe phindu panopa.

Pa zogula, uthenga wabwino ndi wa RAM. Khadi la Intel la mkati mwa purosesa lilibe RAM yakeyake, limabwereka ya kompyuta. Timitengo tiwiri ta 4 GB timathamanga kuposa kamodzi ka 8 GB, monga mipopi iwiri imadzazira ndowa msanga kuposa umodzi. Onani mu pulogalamu ya CPU-Z, pa Memory, ngati palembedwa Single kapena Dual. Pa bolodi la mipata inayi, timitengoto tilowe m'mipata ya mtundu wofanana. Pogula samalani, DDR3 ndi ya 1.5V pamene DDR3L ndi ya 1.35V, ndipo malaputopu ena amafuna DDR3L yokha. Amene mukufuna khadi lapadera pa ma Dell ndi ma HP ang'onoang'ono aja, funani lalifupi losafuna waya wa magetsi wapadera, monga GeForce GT 730 kapena GT 1030, chifukwa power supply yake ndi ya mawati osafika 300. Funsani la GDDR5. Alipo ena a dzina lomwelo okhala ndi DDR3 kapena DDR4 amene ndi ofooka kwambiri, ndipo wogulitsa sangakuuzeni mukapanda kufunsa.

Nkhani ya kutentha ndiyo ikutikhudza tonse. Chizindikiro chake n'chakuti gemu imayamba bwino, koma pakapita mphindi 10 kapena 15 imayamba kujama, fani ikulira. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Tsegulani HWMonitor, pulogalamu yoonetsa kutentha, gemu ikuyenda. Mukaona 90 kupita m'mwamba, tsegulani makinawo. Zulani pulagi, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire pamene mukupemerera ndi bulowa. Chotsani heatsink, chitsulo choziziritsa purosesa, pukutani phala lakale louma ndi mankhwala opukutira a isopropyl, muike thermal paste yatsopano kukula kwa njere ya mpunga pakati pa purosesa, n'kumanga zomangira mopingasa pang'onopang'ono. Mankhwala otsukira mano amene ena mukuika amauma m'masiku ochepa ndipo amawononga. Ife a pa boma timadzinamiza kuti Dedza ndi kozizira, koma fumbi la mu Ogasiti mpaka Okutobala m'mashopu a m'mbali mwa M1 limatseka heatsink chimodzimodzi. Anzathu a ku Mtakataka ndi Golomoti, kumene kumatentha, ayenera kupemerera pafupipafupi kuposa ife. Ndipo makina asamakhale pansi pa simenti kapena mkati mwa kabati yotseka.

A Tcheyamani, bulowa tinasonkherana tonse. Lero ili m'shopu imodzi ndipo wofuna kubwereka akuuzidwa kuti alipire. Sindikutchula dzina, koma zimene ndaphunzirazi sizitheka popanda bulowa imeneyo, ndiye ndikupempha kuti ibwerere kwa a Mlembi ndipo pakhale kabuku kolembamo wotenga ndi tsiku lobweza.

Amene mumagwiritsa malaputopu magetsi akazima, dziwani kuti laputopu ikakhala pa batire imachepetsa mphamvu mwadala. Ikani Power Options pa High performance ndipo chaja ikhale yolumikiza ku inveta kapena jenereta. Ya makhadi awiri imatha kutsegula gemu yakale ndi khadi lofooka la Intel. Pitani pa Settings, System, Display, Graphics, musankhe exe ya gemu n'kuipatsa High performance.

Pa zimene msonkhano unagwirizana, ziwiri ndikuvomereza: kuti ana ovala yunifolomu asaloledwe nthawi ya sukulu, ndi kuti gulu lililonse likhale ndi munthu mmodzi wophunzitsidwa kukonza. Lamulo la ana asukulu kuno tinalikhazikitsa kale, koma ena akulitsatira pamene ena akutsegula chitseko cha kuseri, ndipo makolo akadandaula amatinena tonse. Chachitatu, choti makina onse achoke pa Windows 7 chifukwa Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020, ine ndinatsutsa. Windows 10 nayonso anaisiya mu Okutobala 2025, ndipo makina athu ambiri sangalandire Windows 11. Kuwonjezera apo Intel sinatulutse driver wake wa Windows 10 wa HD 3000, ndiye makina amenewa amayendetsa magemu akale bwino pa Windows 7. Kwa anthu a ma cafe a mu Lilongwe amene makasitomala awo amatsegula imelo ndi za kubanki, lamuloli ndi loyenera. Makina athu osewerera salowa pa intaneti. Maganizo anga ndi oti amenewa akhale pa Windows 7, atsekedwe ku intaneti ndi ku maflashi a makasitomala, ndipo kompyuta yokhayo yolowa pa intaneti ndiyo ikhale ndi Windows yatsopano. Ndikudziwa kuti ena mumapeza ndalama poikira anthu nyimbo pa makina omwewo, ndiye nkhaniyi tiikambirane poyera.

Pa mkumano wa kumapeto kwa mwezi ndikupempha shopu iliyonse ibweretse kompyuta imodzi mwa zimene munaziika pakona, pamodzi ndi kebulo yake, kuti tiziyese limodzi motsatira ndondomeko ili pamwambayi. A Msungichuma atiuze ngati thumba lingakwanitse flashi yatsopano, chubu cha thermal paste, botolo la isopropyl ndi bandulo yotsitsira mapulogalamu amene ndatchulawa.