Kalata yochokera ku Nchalo: zikho zinayi za Maule

Nchalo, Chikwawa
Januwale 2024

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti mwalowa bwino chaka chatsopanochi kumeneko ku Johannesburg. Kuno tadzuka, alamu anu ndi ana akupereka moni. Ndalama munatumiza ija inafika, tagulira malata asanu ndi limodzi, ndipo chipinda cha ana tsopano sichikudonthanso. Mulungu abwezere pomwe munachotsapo.

Pa foni tsiku lija munati ndikufotokozereni za mpira wa chaka chathachi, poti inu mumangoona zigoli pa Facebook. Mayunitsi anatithera nkhani isanayambe n'komwe, ndiye ndati ndikhale pansi pa mtengo wa nimu uja ndilembe bwinobwino. Ndikudziwa kuti mtima wanu ndi wabuluu, ndinu Noma, wotsatira Wanderers, kuyambira tili ana, koma mundimvere ndithu, chifukwa zimene ndikufuna kunena zikukhudza ife tonse a kuchigwa kuno.

Ndiyambire pa wailesi. Namondwe Freddy atafika mu Malichi, madzi analowa m'mudzi usiku. Khoma la kumadzulo linagwa tikuona, mapira onse anagona m'matope, mbuzi zitatu zinapita. Alamu anu ananyamula mwana wamng'ono kumsana, ine ndinasenza chidebe chomwe tinaponyamo ziphaso, ufa pang'ono ndi kawailesi kanga kakuda kaja. Tinakhala pa kampu ya pasukulu milungu ingapo. Ligi itayamba mu Epulo tinali tisanabwererebe kunyumba, ndipo Loweruka lina masana ndinatsegula wailesiyo ndili pakhonde la kalasi. Posakhalitsa ndinangoona amuna andizungulira, ena atakhala pa njerwa, ena chiimire, anthu amene kwa mwezi wathunthu sankayankhula china koma za ufa ndi matenti. Chigoli chitalowa, mkulu wina amene anataya nyumba ndi ng'ombe zonse anadumpha n'kuwomba m'manja ngati kamwana. Chiyambireni chigumula chija, aka kanali koyamba kumva kuseka pamalo paja. N'chifukwa chake nyengo imeneyi sindingayiiwale.

Ndiye Maule, timu yathu ya Big Bullets, achita zimene sitinazionepo: zikho zinayi m'nyengo imodzi. Atenga ligi ya TNM, chikho cha FDH, Airtel Top 8, komanso chikho chatsopano cha Castel chomwe changoyamba kumene. Pa zikho ziwiri, FDH ndi Airtel, ndime yotsiriza anakumana ndi asilikali a Mafco a ku Salima, anyamata olimba mafupa, ndipo kawiri konse anawapambana. Cha Castel ndiye chinatiumitsa pakhosi, poti analepherana ndi Silver Strikers mpaka kukathera ku mapenate. Tsiku limenelo magetsi kunalibe, tinamvera pa golosale ya pamsika, ndipo pomwe ankamenya mapenatewo ngakhale a kabaza anaimika njinga zawo. Munthu ukanagwetsa singano ikanamveka.

Ligi ndiyo sinali yophweka monga momwe anthu akunenera tsopano. Silver, pansi pa mzungu wa ku Holland uja Pieter de Jongh, inatipumira m'khosi mpaka kumapeto, ndipo Manoma anu a Mark Harrison anali pomwepo. Panali nthawi imene masewero athu anaunjikana chifukwa cha maulendo akunja, anzathu ali patsogolo, ife tikuwerengera mapointi a masewero amene sitinasewere. Koma pomaliza chikho chinabwerera komwe chinazolowera, kachisanu motsatizana kuyambira 2018. Kalisto Pasuwa ameneyu si munthu wamba. Kwawo ku Zimbabwe anatenga ligi kanayi motsatizana ndi Dynamos, kuyambira 2011 mpaka 2014, wabwera kuno wapitiriza pomwepo. Munthu wake ndi wosachuluka mawu, akamayankha atolankhani timu itapambana amayamba ndi kunena zimene zalakwika.

Koma achimwene, chomwe chandigwira mtima si zikhozo. Ndi ana amene azitenga. Taonani mayina: Patrick Mwaungulu, Lanjesi Nkhoma, Ernest Petro, Yankho Singo, Hassan Kajoke. Onsewa sanagulidwe ndi ndalama zambiri kuchokera kwina, anakulira m'khola momwemo, ku timu yachisodzera ya Bullets Reserve. Mukumbukira kuti mu 2022 ndime yotsiriza ya FDH inali ya Bullets ndi Bullets Reserve, bambo ndi mwana wake kulimbirana chikho? Anthu ena ankaseka, koma pamenepo m'pomwe panaonekera kuti nkhokwe ili yodzaza. Babatunde Adepoju atachoka, amene ankatimwetsera zigoli chaka chinacho, ambiri tinati basi tapita. Sizinatero. Zigoli zinangogawanika, lero uyu mawa uyo, Maxwell Phodo naye akumwetsa zake.

Mwaungulu ndinamuona ndi maso anga, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za ulendo umenewo. Mu Ogasiti nditagulitsa chitowe chochepa chomwe ndinapulumutsa kumunda wa kumtunda, ndinatenga mwana wanu wachisamba uja, amene munamusiya akukwawa, pano ali ndi zaka 14. Tinakwera minibasi m'bandakucha, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera zitunda zija. Mwanayo anali asanakwerepo phiri limene lija, makutu anamutseka, ndipo tili pamwamba anasuzumira pawindo n'kuona chigwa chonse chili phee pansi, Shire akunyezimira ngati lamba, minda ya nzimbe yobiriwira kutali. Pa Kamuzu Stadium tinakhala kumbali yotsika mtengo, dzuwa lili pamutu, koma kwa ife a kuno dzuwa la ku Blantyre ndi mthunzi.

Mwaungulu ndi kamnyamata kochepa thupi, mukakumana naye pamsewu simungamuganizire. Koma mpira ukafika pa phazi lake bwalo lonse limaimirira. Pena amaima chilili ngati waiwala chochita, wotchinga kumbuyo n'kumuthamangira, ndiye amangoti pheku, wadutsa, mnzakeyo watsala akuyang'ana kumene mphepo yalowera. Kona akamenya, mpira umapinda ngati chikwakwa. Mwana wanu sanadye chimanga chootcha chomwe ndinamugulira, anangochigwira m'manja mpaka theka loyamba litatha. Pobwerera, tikutsika phiri usiku, anandifunsa kuti, "Ababa, iyeyu anayambira kuti?" Ndinamuuza kuti anayambira pa fumbi ngati iweyo. Anakhala chete mpaka pa Dyeratu.

Kumbuyo nako kunali bwino. Clyde Senaji wa ku Kenya anabwera ndi mtima wodekha, sathamangira kuponya mpira kutsogolo, ndipo Gomezgani Chirwa amakwera ndi kutsika m'mbali muja osatopa. Pagolo Richard Chimbamba anatiimirira pa nthawi zofunika.

Tsopano ndinene chowawa, chifukwa ndikabisa ndikhala ndikukunamizani. Mu mpikisano wa CAF, wa matimu a mu Africa, tinayamba bwino, tinatulutsa Dragon ya ku Equatorial Guinea. Kenako kunabwera TP Mazembe. Pa Bingu ku Lilongwe anatichinya 1-0, ndipo tinkati mwina kwawoko zikatheka. Ku Lubumbashi anatithira 4-0. Masewero amenewo tinamvera kutentha kuli pachimake, thukuta lili kamukamu, ndipo chigoli chachitatu chitalowa anthu anayamba kunyamuka mmodzimmodzi osatsanzika. Pamenepo ndinazindikira kuti kutchuka kwathu n'kwa m'mudzi. Anzathuwa mpira wawo ndi wothamanga, saphonya mpata, ukalakwitsa kamodzi akulanga pomwepo. Inu ndi ine tinaona 2004, nthawi ya Bakili Bullets ndi Kinnah Phiri, timu itafika m'magulu a mpikisano womwewu. Papita zaka pafupifupi makumi awiri tsopano tisanabwerereko. Zikho zinayi n'zokoma, koma ine njala yanga ili pamenepo.

Ndipo ndili ndi mantha ena. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala, sopo ndi mchere zakwera, mafuta ndiye musanene. Mnyamata amene waonetsa luso lotere, timu yakunja ikabwera ndi madola, angakane bwanji? Inunso munachoka pa chifukwa chomwecho, ndipo palibe amene anakudzudzulani. Ine sindingamuletse mwana wa munthu kukafuna zabwino. Chomwe ndikupempha n'choti khola lija lisaume, akachoka awiri pakhale anayi akubwera m'mbuyo.

Apa m'pamene mtima wanga umabwerera kuno kwathu. Mwa matimu 16 a mu ligi, palibe ngakhale imodzi ya ku Chikwawa kapena Nsanje. Chitipa, kumalire kwenikweni, ili ndi timu ndipo chaka chathachi yavutitsa akuluakulu. Karonga ili nayo, Dedza ili nayo. Ife kuchokera pa Thabwa mpaka ku Marka tilibe. Mukukumbukira masiku a timu ya Sucoma, momwe bwalo la Kalulu linkadzazira Loweruka, anthu ochokera ku Ngabu, ku Bangula, ena kuwoloka pa bwato kuchokera kutsidya? Ife tinkakwera mumtengo kunja kwa mpanda, inu munang'amba kabudula wa sukulu pa nthambi, amayi anu n'kutikalipira tonse awiri. Nchalo United inayesa mu 2018, inalowa mu ligi koma sinakhalitse. Lero ndikadutsa pa Kalulu ndimayenda mofulumira.

Si kuti ana aluso kulibe. Madzulo alionse dzuwa likapepa, pabwalo la kuseri kwa tchalitchi pamadzaza. Mpira wake ndi wachikulunga, wa majumbo omanga ndi luzi, magolo ake ndi nsungwi, ndipo pansi pamakhala potentha moti ana amasewera akudumphadumpha. Alipo mnyamata wina wamanzere, amathandiza bambo ake kuwedza milamba ndi makakana ku dambo, amene akamenya mpira umachita kulira. Ali ndi zaka 17. Palibe amene anabwerapo kudzamuona. Zaka ziwiri zikubwerazi adzakwatira, adzalowa m'munda wa nzimbe kukadula, kapena adzakupezani kumeneko, ndipo nkhani yake idzathera pa mabonanza a nthawi ya kampeni. Mwaungulu akanabadwira kuno, bwenzi lero ali yemweyo.

Ndiye ine ndi aphunzitsi awiri a pasukulu pano tayamba kanthu kakang'ono. Tasonkhanitsa ana 22 a zaka zosapitirira 15, timakumana Lachiwiri ndi Lachinayi ikakwana 4 koloko. Lamulo ndi limodzi: wojomba kusukulu sakhudza mpira. Mwana wanu akusewera pakati, ndipo chibwerereni ku Blantyre kuja amatsala yekha anzake atapita, akumenya makona mpaka mdima. Mpira weniweni tili nawo umodzi, wosokedwasokedwa, ndipo minga ya kuno simaukhululukira. Pampu timabwereka kwa wokonza njinga.

Pempho langa ndi ili, achimwene. Mukamadzabwera pa Isitala monga munanenera, musavutike ndi zovala zanga. Mudzatitengere mipira iwiri ya saizi 5, pampu yake ndi singano, ndipo ngati anzanu a kuntchito ali ndi nsapato za mpira zimene ana awo anasiya, zakutha zomwe, mudzatolere. Jezi ngakhale zitakhala zabuluu tidzavala ndithu. Mudzatsikire pa siteji ya Nchalo, ndidzakuchingamirani ndi njinga, ndipo Lachinayi lake mudzapita nane kubwalo mukamuone wamanzere uja ndi maso anu.

Mvula yagwa kawiri sabata ino, mapira amera bwino, koma tikugona khutu lili ku mtsinje. Amayi anu ndinawaona Lamulungu kutchalitchi, mwendo uja wayamba kupepuka, akuyenda opanda ndodo. Ati ndikuuzeni kuti muwaimbire.

Ndine mnzanu wa pa ubwana,
kuno ku Nchalo