Lipoti la msonkhano wa ku boma pa za chakudya chosungira nthawi ya ngozi

A wapampando, a mlembi, a msungichuma ndi amayi anzanga nonse a banki m'khonde yathu, ndabwerako ku Zomba kumene munandituma ndipo ndayenda bwino. Ndalemba lipotili kuti amene simudzakhalapo Loweruka muliwerenge pa foni, chifukwa muli nkhani yofunika kuti tigwirizane mvula isanagwe.

Msonkhanowu unali wa masiku awiri. Kunali nthumwi za magulu a kuno ku Jali, ku Mayaka, ku Chingale, ku Domasi, ku Kachulu, ndi ena amene anachita kuwoloka pa bwato kuchokera pachilumba cha Chisi. Za machenjezo a nyengo ndi malo othawirako ndidzafotokoza pakamwa. Pano ndikhazikika pa chakudya, poti n'chimene munanditumira.

Mphunzitsi wathu anayamba ndi kutifunsa zimene tinadya m'masiku atatu oyamba a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. M'holo monse munangoti zii. Ine mukudziwa kuti nyumba yanga sinagwe, ndipo ndinali ndi matumba awiri a chimanga pa nsanja, osanyowa ngakhale pang'ono. Koma magetsi anazima, chigayo chinaima, nkhuni zonse zinali chonyowa, machesi anafewa m'bokosi. Ndinasinja mumtondo, ufa n'kupezeka, koma moto osayaka. Mdzukulu wanga anagona atangobwira ufa wothira shuga. Nthumwi zambiri zinanena zofanana ndi zimenezi: chakudya chinalipo, chimene chinasowa ndi njira yochiphikira. Choncho posankha chosunga tisamangofunsa ngati chimakhutitsa kapena ngati n'chotchipa. Tizifunsanso ngati chingadyeke popanda moto, popanda chigayo, ndiponso ngati chingapirire chinyezi.

Apa m'pamene inabwerera nkhani ya nsomba za m'chitini. Ndinene zoona, poyamba mtima wanga unakana. Ndinaimika dzanja n'kunena kuti ife a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa tili ndi matemba ndi mlamba wowamba, zam'chitini n'za anthu apantchito a m'tauni. Amene anandiyankha si mphunzitsi koma mayi wina wachikulire wa ku Chisi. Anandikumbutsa kuti matemba ouma akagona masiku awiri m'nyumba yodontha amayamba nkhungu ndi fungo, ndiponso kuti nyanjayo siyodalirika, inaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhalanso pamatope. Ndinasowa choyankha. Nsomba ya m'chitini, monga zija za Lucky Star timaziona m'magolosale, inapsa kale ku fakitale, ndipo anaitsekera mpweya usanalowe. Ikhoza kukhala zaka ziwiri kapena kupitirira osawonongeka, mvula siilowa, khoswe saiboola, ndipo ukatsegula umadya pomwepo. Chitini cha magalamu 400 chikhoza kupatsa banja ndiwo ya chakudya chimodzi, ndipo msuzi wake wa tomato mwana wamng'ono amamwa bwinobwino. Mtengo wake ndi wowawa, zimenezo sindibisa. N'chifukwa chake maganizo anga ndi akuti izi zisakhale ndiwo za tsiku lililonse, zikhale za masiku atatu oyamba aja, pamene moto kulibe ndipo thandizo silinafike chifukwa misewu yaduka.

Anatiphunzitsanso kusankha chitini. Anaika zitini zinayi patebulo n'kutiuza kuti tiziyendetsa chala pamwamba pake. Chimodzi chinali chotupa, ukachidina pakati chinkabwerera ngati mimba ya chule. Chotero n'chakupha: mkati mumakhala tizilombo topanga poizoni amene amafoola thupi mpaka munthu kulephera kupuma, ndipo sachilawa n'komwe, n'chokakwirira kutali ndi ana ndi agalu. China chinali ndi dzimbiri m'mphepete, china chopindika pamsoko pomwe pali chivundikiro. Zonsezi osagula. Tiziwerenganso tsiku lothera ntchito lomwe amadinda pansi kapena pamwamba. Potuluka ndinadzera m'sitolo ina m'tauni, ndipo ndinapeza zitini zopindika ataziika pambali pamtengo wotsika, anthu akungotola. Zinandipweteka mtima, chifukwa amene amathamangira zotchipazo ndi ife osauka. Ndipo chitini chikatsegulidwa chidyedwe tsiku lomwelo, zotsala osazisiya m'chitinimo. Tikumbukirenso kusunga kampeni kapena chotsegulira pamodzi ndi zitinizo.

Zambiri zosunga tili nazo kale m'makomo mwathu, ndipo gawo limeneli ndinalikonda. Mtedza wokazinga ndi chiponde zimadyeka popanda moto ndipo zimapatsa mphamvu msanga, koma mtedza wake ukhale wosankha bwino, wopanda chuku, chifukwa chuku chimawononga chiwindi ndipo kukazinga sikuchichotsa. Mfutso wa nkhwani, khwanya ndi chisoso ukauma bwino umafika chaka, bola utsekeredwe m'chigubu, osati kungoupachika m'chikwatu kudenga lodontha. Makaka nawonso amakhalitsa. Pa ufa, mgaiwa ndi wopatsa thanzi koma suchedwa kuwawa chifukwa cha mafuta a kamtima ka chimanga, ndiye wosungira nthawi yaitali ukhale woyera, woyanika mpaka kuuma gwa. Nyemba ndi nandolo wouma zimasungika, koma zimatha nkhuni zambiri, choncho n'za sabata yachiwiri, moto ukayamba kupezeka. Soya pisi amapsa msanga ndipo ndi wopepuka kunyamula pothawa. Kwa ana aang'ono ndi odwala, Likuni Phala asasowe, makamaka m'nyumba zomwe muli omwa ma ARV, poti mankhwala aja ndi njala sizigwirizana. Mchere, shuga ndi kabotolo ka mafuta ophikira n'zosaiwalika.

Chimanga cha m'matumba anatilangiza kusunga m'matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Ukamanga bwino mpweya sulowa ndipo anankafumbwe amafa okha popanda mankhwala. Koma chimanga chilowemo chitauma. Anationetsa kayesedwe kake: anatenga botolo louma lagalasi, anaikamo chimanga chodzaza dzanja ndi supuni ya mchere wouma, n'kukhutchumula. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimangacho chidakali ndi madzi, chibwerere pamkeka. Ndayesa kale kwathu ndipo thumba langa limodzi labwerera padzuwa.

Za madzi ananena mwamphamvu, ndipo n'zomveka. Kolera ija inayambira kwa anansi athu ku Machinga mu Malichi 2022 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo madzi akasefukira zimbudzi ndi zitsime zimasakanikirana. Mabungwe othandiza pangozi amawerengera malita 15 pa munthu patsiku, akumwa, ophikira ndi osamba. Sitingasunge ochuluka chotero, koma chigubu chimodzi cha malita 20 chotseka bwino, botolo la Waterguard ndi mapaketi a Thanzi ORS n'zotheka. Ukathira mankhwala m'madzi udikire mphindi 30 usanamwe.

Tsono pempho langa ndi ili. Pogawana masheya mu Disembala, aliyense apatule ndalama yogulira ndowa yapulasitiki yokhala ndi chivundikiro chothina. M'ndowamo mukhale zitini zitatu kapena zinayi za nsomba, chiponde, mtedza wokazinga, shuga, mchere, machesi okulunga m'pulasitiki, kandulo, ORS, mabuku a kuchipatala ndi ziphaso za umzika. Ndowayo ikhale pamwamba, pafupi ndi khomo, yoti ngakhale mtsikana angaisenze usiku. Zitini tikagule pamodzi pa katoni ku holoselo kuti mtengo utsikeko, ndipo agogo athu atatu aja amene sangakwanitse tiwagulire kuchokera m'thumba la zadzidzidzi. Ndikudziwa kuti ena mukuti ana akadzaona nsomba m'nyumba sizidzafika Janyuwale. Nkhawa imeneyi inanenedwanso kumsonkhano, ndipo gulu lina la ku Domasi linati iwo amamanga chivundikiro ndi waya, n'kumayenderana mwezi ndi mwezi kukaona. Mvula ikatha mu Epulo zakale zimadyedwa, n'kudzagula zina mu Novembala, kuti pasakhale chothera ntchito m'ndowa.

A msungichuma, ndalama ya thiransipoti inatsalako ndipo ndibwera nayo Loweruka pamodzi ndi botolo ndi mchere uja. Aliyense abwere ndi chimanga chodzaza dzanja cha m'thumba lake kuti tidzayese.