Kalata ya za filimu ya banja lotha

Mzuzu

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino ku Johannesburg komweko. Kuno kwazizira, m'mawa nkhungu ikumakuta Katoto mpaka osaiona galimoto ili patsogolo pako. Mayi ako ndinawaona kutchalitchi, ali bwino, koma akuti foni yako yasowa.

Ndati ndikuuze za filimu imene achinyamata ena a konkuno apanga ndi ndalama za m'thumba mwawo. Kamera anachita kubwereka, ochita sewero sanalandire kanthu kupatula nsima ya masana. Tinaonera pa laputopu kwa mlamu wanga ku Luwinga. Filimuyo ndi yakuda ndi yoyera basi, moti mlamuyo anayamba kudina mabatani poyesa kuti makina afa. Ine ndinakumbuka ma TV oyendera batire ya galimoto aja, TVM itangoyamba mu 1999, tikukanganirana pawindo la aphunzitsi.

Nkhani yake ndi ya banja lochita lendi ku Chibavi, mwamuna wa ku Ekwendeni, mkazi wa ku Dedza, ana awiri. Mulibe chibwenzi chamseri, mulibe sing'anga, ngakhale apongozi ankhanza amene tinawazolowera m'mafilimu a ku Nigeria. Anthuwa angoleka kulankhulana. Mwamuna akafika amafunsa mwana kuti, "Amayi ako aphika?" mkaziyo ali pomwepo. Ndalama ya ndiwo amaisiya pansi pa wailesi. Tsiku lina akudya, kamera inangokhala pa manja awo m'mbale imodzi kwa nthawi yaitali, aliyense akusamala kuti asakhudze chala cha mnzake. M'nyumba monse tinangoti zii.

Pamene panandigwira mtima ndi pa ankhoswe. Akuchimuna akuti tinalowola, choncho ana ndi athu, mkazi akafuna kupita apite yekha. Malume a mkazi, amene akwera basi usiku wonse, akuti kwathu mwana ndi wa kuchikazi, mkamwini banja likatha amanyamula bulangete lake n'kumapita. Onse akunena zoona za kwawo, ndipo wolemba sanakondere mbali. Akukangana choncho, eni banja akhala chete pamkeka, palibe wawafunsa chimene chinawalekanitsa. Iwenso ukudziwa kuti mumzinda muno maukwati otere ndi ambiri, Atumbuka ndi Angoni a malowolo kukwatirana ndi Achewa kapena Ayao a chikamwini, ndipo nkhani ya ana imadikira tsiku la mavuto kuti iyambe kukambidwa.

Ndinamufunsa mnyamata wojambulayo chifukwa chake anachotsa mitundu. Sanabise. Anajambula ndi mitundu yonse, n'kuichotsa pa kompyuta, chifukwa analibe magetsi ojambulira: za m'nyumba zinkatuluka zachikasu, zapanja zobiriwira, osagwirizana. Umphawi ndiwo unamuphunzitsa, koma ine ndikuti unamuthandiza. Pakanakhala mitundu, maso athu akanathamangira chitenje cha mayiyo ndi makatani. Apa umangoyang'ana nkhope, makamaka ya mkaziyo akamatsuka mbale kuseri, kuwala kwa kandulo kukumugwira tsaya limodzi. Nkhungu yathu ija nayonso yatuluka bwino zedi, ngati anachita kuiitanitsa.

Zolakwika zilipo. Mawu sakumveka bwino, pena tambala wa aneba akuposa anthu, ndipo nyimbo yachisoni anaiika paliponse ngati sakutikhulupirira kuti tingamve chisoni tokha. Kumapeto anathamanga. Mwadzidzidzi tili kukhoti la majisitireti, wina akulongosola lamulo la maukwati la 2015, kuti khoti limayang'ana ngati banja lafika posakonzekanso ndiponso ubwino wa ana. Zimenezo n'zoona, koma zinamveka ngati pulogalamu ya pawailesi yophunzitsa anthu. Ndikanakhala ine ndikanathera pamkeka paja.

Titamaliza, mlamu anati mkaziyo ndi wamwano, mchemwali wanga anati mwamunayo ndi wouma mtima, mpaka tiyi anazizira. Ine ndinathawa mkanganowo usanandifike.

Anyamatawa akufuna kujambula ina mvula isanayambe. Ukapita m'tauni undifunsireko mtengo wa maikolofoni ang'onoang'ono omata pamalaya aja, awiri okha, undiuze pa WhatsApp. Ndalama tisonkha kuno, ndipo ungadzapatsire aliyense wobwera pa basi. Ana uwapatse moni, ndipo mayi ako uwaimbire Lamlungu lino.

Ndine mnzako,
wa ku Chiputula