Lipoti la msonkhano wa majekete a mvula ogwirira ntchito m'mitengo

A wapampando, a komiti ndi mamembala nonse a gulu lathu la odula ndi kusadzira mitengo kuno ku Kasungu,

Munandituma ku msonkhano wa anthu a ntchito yathu ino umene unachitikira pa boma, kuti ndikamve za majekete a mvula tisanatulutse ndalama m'thumba la gulu. Chachikulu chomwe ndabwera nacho n'chakuti tisagule mtundu umodzi wa jekete n'kugawira aliyense. Wokwera mumtengo ndi wotsala pansi sanyowa mofanana.

Mvula yathu imagwa kuyambira Novembala mpaka cha mu Epulo, kunja kukutenthanso. Munthu amene wakwera bulugamu, makina ochekera ali m'manja, amatuluka thukuta kwambiri. Akavala lenikoti ya pulasitiki wa PVC, ija yolemera yonyezimira, thukutalo limasowa potulukira, moti malaya am'kati amafika pofinya mvula isanalowe ndi dontho lomwe. Ambiri amati lenikoti ikudontha, chonsecho madziwo ndi a m'thupi mwawo momwe. Kuipa kwake, munthu wotenthedwa amatopa msanga ndipo manja amayamba kuterera pa chingwe. PVC malo ake ndi pansi, kwa okoka nthambi, odula zipika ndi opakira m'galimoto. Madzi salowa, minga ya msangu ndi mthethe siiboola msanga, ndipo mafuta a tcheni ya makina ochekera amachoka ndi kasanza basi.

Wokwera amafunika nsalu yopuma, yomwe imatsekereza madontho koma n'kumatulutsa nthunzi ya thukuta. Yotchipirapo ndi ya nayiloni yopakidwa PU (mtundu wa pulasitiki wopyapyala) m'kati. Ndi yopepuka, koma ikakhalitsa pachinyontho ndi potentha, PU uja amayamba kumata kenako n'kusupuka. Yolimba ndi ija yokhala ndi kachikopa kopyapyala pakati, monga nsalu yotchedwa Gore-Tex. Pa imeneyi olankhula pa msonkhanowo anatsindika kuti tizisankha ya magawo 3 omatidwa pamodzi, chifukwa m'jekete la magawo 2.5, lopanda nsalu yeniyeni ya m'kati, kachikopako kamakhala pafupifupi poyera, ndiye lamba wokwerera amakapala m'chiuno ndi m'mapewa mpaka kutha.

Pa kansalu ka m'kati kapena pa pepala lomangiriridwa ku jekete pamakhala manambala. Ya mamilimita imanena kutalika kwa madzi amene nsaluyo ingasenze isanayambe kudontha: 10,000 mm ndiye kuti madzi oimikidwa mupaipi mamita 10. Woyenda pamsewu 5,000 mm imamukwanira, koma ife lamba amakanikiza nsalu pathupi, timagwadanso pa nthambi zonyowa, ndipo kukanikizako kumalowetsa madzi mokakamiza. Tisatsike pansi pa 10,000 mm, ndipo ya tsiku la mvumbi ndi 20,000 mm. Nambala inayo ndi ya magalamu a nthunzi yotuluka pa sikweya mita imodzi pa maola 24. Kuno kotentha tiyambire pa magalamu 10,000. Pomwe palembedwa EN 343, muyezo wa ku Ulaya wa zovala za mvula, pamakhala manambala awiri, lililonse kuyambira 1 mpaka 4 (4 ndiye yopambana), lapamwamba la mvula, lapansi la kupuma. PVC imatha kukhoza lapamwamba n'kugwera pa 1 pansipo.

Komabe nsalu yabwino siithandiza ngati misoko ili yosamata. Paliponse pamene padutsa singano ndi bowo. Tembenuzani jekete muone ngati msoko uliwonse uli ndi tepi, makamaka wa paphewa ndi wa kumbuyo kwa khosi, chifukwa ena amamata misoko ikuluikulu yokha. N'chifukwa chake ganizo lathu lija logula nsalu n'kupatsa atelala silingayende, pokhapokha atakhala ndi tepi ndi chomatira chake. Ngakhale kusoketsa dzina la gulu pachifuwa ndi kuboola jekete. Dzinalo lichite kudindidwa.

Kasokedwe nakonso tinakhalitsapo. Matumba akhale pachifuwa, chifukwa a m'chiuno amatsekedwa ndi lamba. Mukweze manja onse m'mwamba poyesa: jekete likakwera n'kuonetsa mimba, kapena mikono ikathawa pa mfundo ya dzanja, silanu. Chipewa chake chikwane pamwamba pa chisoti cholimba popanda kutchinga m'mbali mwa maso. M'khwapa mukhale mazipi otsegula mphepo, ndipo m'mapewa ndi m'zigongono mukhale nsalu yokhuthala ngati yotchedwa Cordura. Tizingwe tolendewera tidulidwe kapena tibisidwe m'kati, ndipo jekete lisakhale lakhuthukhuthu, poti tcheni ndi ziputu za nthambi zimakola nsalu yolendewera. Mtundu ukhale wa olenji kapena wachikasu wowala, kuti wapansi azimuona mnzake m'masamba, komanso madalaivala azitiona tikamagwira m'mbali mwa msewu wa M1.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikupempha kuti aliyense achimvetse. Jekete la mvula siliimitsa tcheni. Chovala choteteza ku makina ochekera chimakhala ndi ulusi wautali m'kati umene umasololoka n'kukola giya ya makinawo, ndipo chimalembedwa EN ISO 11393 kapena EN 381 yakale. Kalasi 1 imayesedwa ndi tcheni yothamanga mamita 20 pa sekondi. Thalauza yotero ivalidwe ndithu, ya mvula ibwere pamwamba. Jekete silitetezanso ku mphezi kapena ku mawaya a ESCOM. Kukayamba kung'anima, wokwera atsike.

Ambirife tidzagula pa kaunjika, ndipo majekete abwino amapezekadi. Liunikeni padzuwa kuti muone timabowo. Pekesani m'kati mwa kolala ndi chala: pakatuluka tiufa toyera kapena pakamata, latha ntchito. Kokani tepi pang'ono, yendetsani zipi katatu, kenako pangani kadzenje pa nsalu ya paphewa n'kuthirapo madzi a m'botolo, mufinye pang'ono ndi kuona kunsi.

Jekete latsopano madzi amagubuduka pamwamba ngati pa tsamba la koko. Mankhwala ochititsa zimenezi amaphimbidwa ndi utuchi, utomoni wa mango ndi mafuta a makina, ndiye nsalu imamwa madzi n'kusiya kupuma. Chapani ndi madzi ofunda ndi sopo wamadzi pang'ono, osati wa ufa, osamenya pamwala, osapotokola, ndipo mutsukuluze kawiri. Yanikani pamthunzi. Likauma, simbi yofunda chabe yodutsa pamwamba pa kansalu imadzutsanso mankhwala aja, koma pa PVC simbi isayandikire. Petulo sachotsera utomoni, amasungunula guluu wa tepi. Pong'ambika muike chigamba chomata, chopitirira bowo ndi masentimita 2 mbali zonse, makona ake atadulidwa mozungulira kuti asamatuke. Jekete lonyowa lisagone m'thumba la zida, limachita nkhungu.

Pempho langa ku komiti n'lakuti ndalama iyambire kwa okwera, aliyense jekete la magawo 3 la 10,000 mm kupita m'mwamba, ndipo yotsala igule PVC ya apansi. Pa msonkhano wathu wotsatira aliyense abwere ndi lamba wake, chisoti ndi jekete lomwe ali nalo, tidzayese limodzilimodzi ndi madzi, kuti amene lake likadali bwino asagulirwenso.

Ine nthumwi yanu.