Kwa mwana wanga, mphunzitsi ku Nkhotakota

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, iwe, mpongozi wanga ndi ana. Kuno ku Lifuwu tadzuka bwino. Mwendo wa bambo ako wayamba kupepuka, ndipo mpunga tamaliza kupuntha.

Pafoni paja unandiuza kuti ahedi akupatsa udindo woyang'anira ophunzira, makamaka amene amagona m'nyumba za lendi, ndipo mawu ako ankamveka olemedwa. Ndati ndikulembere popeza mayunitsi amatha nkhani isanathe. Ntchito imeneyi ndikuidziwako. Ndakhala mu Mother Group, gulu la amayi osamalira atsikana a sukulu, pa pulayimale yathu ino zaka zambiri, ndipo chimene chimandipweteka n'chakuti atsikana amene tinawasamala mpaka Sitandade 8, ambiri anatipulumuka atasankhidwa kupita ku sekondale, pamene tinkati tsopano zayenda.

Usamadalire kaundula wa m'kalasi. Kaundula amangokuuza kuti mwana wabwera, za kumene wagona sanena. Sukulu za CDSS anazikonza kuti mwana aziyendera kuchokera kwawo, koma wochokera kutali sangayende mtunda wonsewo m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, ndiye makolo amamupezera kachipinda pafupi ndi msika n'kumusiya ndi kathumba ka ufa. Kuyambira pamenepo mwana wa zaka 14 akudzilera yekha. Patula Loweruka, utenge mphunzitsi wamkazi ndi mayi mmodzi wa komiti ya makolo, mukayendere zipindazo chimodzichimodzi.

Ine ndinalowapo m'chipinda chotere kuno ku Salima, tikufunafuna mtsikana wa m'mudzi mwathu. Chitseko chinali cha lata, chotsekera chake msomali wopinda umene mwana wamng'ono akhoza kuukankha ndi chala. Atsikana anayi ankagona pa mphasa ziwiri, neti imodzi yokha, nayonso yobooka. Pakona panali mbaula, poto mmodzi, ndi thumba la ufa limene linali litafika kale pansi mwezi usanafike pakati. Chimbudzi chinali kuseri kwa nyumba ina imene munkagona amuna ogula nsomba, ndipo mmodzi mwa atsikanawo anandiuza monong'ona kuti kukada samatuluka, amangopirira mpaka kuche. Onsewo m'kalasi ankalembedwa kuti alipo. Ukafika m'zipindazo uyese chitseko ndi dzanja lako. Ufunse amene ali ndi kiyi wina, ufunse kumene amatunga madzi, ndiponso ngati pali munthu wamkulu wapafupi amene angamve mwana atakuwa usiku. Eni nyumba uwadziwe maina ndi nkhope, nawonso adziwe kuti pali mphunzitsi amene amabwera osanena tsiku.

Thumba la ufa lija uliyang'anitsitse, chifukwa mavuto ambiri amayambira pamenepo. Kunyanja kuno ndalama zimayenda usipa ukaphedwa wambiri, ndipo ku Dwangwa zimayenda odula nzimbe akalandira. Mtsikana sayamba n'kufuna mwamuna ayi. Amayamba wapatsidwa ndiwo tsiku limene alibe, kenako sopo, kenako wakabaza wamunyamula ulere, ndipo pofika tsiku lobweza ngongoleyo alibe pothawira. Anthu amathamangira kunena kuti ana a masiku ano ndi okonda ndalama. Ine mawu amenewo sindigwirizana nawo. Ana amene akusowa chakudya ndi zofunika kusukulu uwalembe msanga, maina awo uwapereke ku ofesi ya Social Welfare kuboma ndi ku mabungwe othandiza atsikana monga CAMFED, ndipo uzikumbutsa mpaka ayankhe. Makolonso uwaitane, uwauze mosabisa kuti ufa umene amatumiza sufika kumapeto a mwezi.

Anyamata usawaiwale poti iwo satenga mimba. Mnyamata amene akusinza m'kalasi kawirikawiri wachezera panyanja ndi nyali, kuthandiza asodzi kuti apeze ya lendi, ndipo ino ndi nyengo ya mwera imene bwato limagubuduzika ngakhale ndi akatswiri. Ena amakopeka ndi chamba, chimene kwanuko sichisowa. Kumuuza wotere kuti akumbe dzenje anzake akuphunzira n'kumuthamangitsa ndi manja ako. Khala naye pansi umve chimene chikumutengera kunyanja. Ndipo nkhanza zimene akuluakulu amachitira ana a Fomu 1, kuwachapitsa zovala, kuwalanda ndalama ndi kuwamenya usiku, usazitche mwambo wa sukulu. Mwana wozunzidwa sadzabwera kudzakuuza, udzangoona wasiya kuseka, kenako mpando wake uli wopanda munthu.

Za matenda ukuzidziwa, ndingokukumbutsa. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma athu a m'mbali mwa nyanja anavutika kwambiri. Ana ophika okha amamwa madzi alionse amene ali pafupi, choncho gwirizana ndi alangizi a zaumoyo kuti aziwapatsa klorini ndi kuwayendera. Mwana akamakodza magazi ndi likodzo, apite kuchipatala, mankhwala alipo. Wotentha thupi akayezetse malungo tsiku lomwelo, asamangomwa panado wa pagolosale. Mvula ikadzayamba, amene amawoloka mitsinje aziweruka kukadawala, ndipo tsiku limene madzi adzadza usawalembe kuti ajomba. Madzi osefukira a ku Dwangwa mu 2024 unawaona wekha, ndipo ng'ona za mu Bua sizisankha kuti uyu wavala yunifolomu. Atsikananso akhale ndi kachipinda kotsekeka kokhala ndi ndowa, sopo ndi mapadi. Ife kuno timasoka mapadi ochapa, ndipo tinaona kujomba kwa mwezi ndi mwezi kukuchepa.

Tsopano ndifike pa chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe. Tsiku lina mwana adzaima pakhomo la ofesi yako, adzayamba ndi nkhani ina, ya kope lotayika kapena mutu umene ukumupweteka, maso ali pansi. Usamufulumize. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akayamba kuulula kuti wina wamugwira kapena wamugona, usamufunse kuti unavala chiyani, kapena unkafunako chiyani kumeneko. Umuuze kuti wachita bwino kunena, ndipo usamulonjeze kuti zithera pakati pa inu awiri, chifukwa uyenera kuuza amene angamuthandize. Uitane mphunzitsi wamkazi, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amagwira ntchito akayambidwa maola 72 asanathe, ndiye kudikira kuti makolo abwere kuchokera kumudzi kapena kuti Lolemba lifike n'kumulakwira mwanayo kachiwiri. Kuchoka kumeneko nkhani ipite kupolisi, ku Victim Support Unit. Nambala ya 116 ndi yaulere, uilembe pakhoma m'kalasi iliyonse kuti woopa kubwera kwa iwe aimbe yekha.

Adzabwera anthu kudzakupempha kuti nkhaniyo ikambidwe pachibale. Adzabwera ndi mbuzi, ndi ndalama, mwina ndi lonjezo lakuti mwamunayo amukwatira mtsikanayo. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo mwana sakwatiwa. Ndinaonapo nkhani yotere itathera pabwalo: akuluakulu anagawana ndalama, mwamunayo anapitiriza geni yake, mtsikanayo ndi amene anasiya sukulu. Udzadedwa, mwina ndi anthu amene umapemphera nawo, koma usalole.

Chovuta kwambiri chidzakhala pamene wolakwayo ndi mphunzitsi mnzako, amene mumamwa naye tiyi mu staff room. Adzakuuza kuti ali ndi ana, kuti ntchito ikatha banja lake livutika, ndipo ena adzati angomusamutsa mwakachetechete. Kumusamutsa n'kumupatsa ana ena amene sakumudziwa. Ulembe zimene wamva, tsiku lake ndi nthawi yake, upereke kwa ahedi, ndipo zikaima pamenepo upite nazo pamwamba.

Ndikulankhulanso za iwe mwini, mwana wanga, ndipo usakhumudwe. Ndinakulera, ndikukudziwa, koma udindo umenewu udzakuika pafupi ndi ana osowa pogwira amene adzakuona ngati bambo wawo. Mtsikana wa sukulu asabwere kunyumba kwako kudzaphika, kudzatunga madzi kapena kudzasiya makope, ngakhale mkazi wako alipo. Ukamalankhula naye muofesi chitseko chikhale chotsegula. Usamalemberane naye mauthenga pa WhatsApp usiku. Ukafuna kuthandiza mwana ndi ndalama, ipite kudzera kwa mphunzitsi wamkazi kapena kwa ahedi, anthu akudziwa. Zimenezi zimateteza mwanayo, zimatetezanso dzina lako.

Amene watenga mimba usamufufute mumtima. Kuyambira 1993 boma linalola kuti mtsikana akabereka abwerere kusukulu, koma ambiri sabwerera chifukwa palibe amene amapita kukawaitana, ndipo amaopa kusekedwa. Uwauze makolo ake za kalata yosungitsa malo asanachoke, ndipo khanda likakulako upite ndi amayi a komiti kukamutenga mtsikanayo. Alipo amene anabwerera n'kukhoza MSCE.

Zonsezi sungazithe wekha, ndipo usayese. Amfumu, amipingo, mashehe ndi amayi a m'midzi yozungulira uwakokere pafupi kuyambira pano, mavuto asanagwe. Ukamaliza kuyendera zipinda zija undiimbire undiuze zimene wapeza, makamaka za maneti, chifukwa amayi a gulu lathu akudziwa kumene tingapemphe. Thumba la mpunga ndikutumizira ndi minibasi sabata yamawa, ndidzakuuza nambala ya kondakitala. Bambo ako akupereka moni, ndipo akuti adzukulu abwere pa holide.

Ndine mayi ako.