Kalata ya Abusa: Lumbiro Limene Linaswedwa Mfumu Henry Isanaikidwe m'Manda

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu nonse. Mwezi uno m'milaga yathu tikuwerenga Numeri 27, pamene ana aakazi asanu a Zelofehadi anaima pamaso pa Mose kupempha cholowa cha atate awo, ndipo Mulungu anawavomereza. Pambali pa nkhaniyi ndikufuna muikepo ina, ya mayi wa ku England dzina lake Matilda. Mlandu wake unadutsa m'manja mwa atsogoleri a mpingo, ndipo iwo sanaugwire bwino. Zimenezi zimandikhudza monga mbusa.

Matilda anabadwa mu 1102, mwana wa Mfumu Henry I. Ali ndi zaka 8 anamutumiza ku Germany, ndipo mu 1114 anakwatiwa ndi Henry V, mfumu yaikulu ya kumeneko. Ulamuliro anauphunzira ali mtsikana, moti nthawi ina mwamuna wake anamusiya ku Italy kuti aziyang'anira dziko m'malo mwake. Mwamunayo anamwalira mu 1125 asanabereke naye mwana.

Nthawi imeneyo kwawo kunali kutagwa kale zovuta. Usiku wa pa 25 Novembala 1120 chombo chotchedwa White Ship chinagunda thanthwe pafupi ndi doko la Barfleur ku Normandy, dera la ku France limene Mfumu Henry inkalamuliranso, ndipo anthu pafupifupi 300 anamira. Mmodzi mwa iwo anali William, mlongo wake wa Matilda, amene akanalowa ufumu. Mfumu Henry inali ndi ana oposa 20 obadwira kunja kwa ukwati, koma wa m'nyumba anatsala Matilda yekha. Inakwatiranso mu 1121, mwana osaoneka. Ndiye mu Januwale 1127 inasonkhanitsa mabishopu ndi nduna zake n'kuwalumbiritsa kuti ikadzafa yopanda mwana wamwamuna, adzalandire Matilda. Mwa olumbirawo munali Stephen wa ku Blois, mwana wa Adela, mlongo wake wa mfumu. Lumbirolo analibwereza mu 1131.

Ambiri a inu amene ufumu kwanu umatsata kuchikazi mwina mukuti Stephen ndiye anali mwini mpando, popeza mfumuyo inali malume ake. Ku England mwambo sunali wotero, komanso Stephen anali ndi mkulu wake, Theobald. Chimene chinampatsa mpando ndi changu.

Mfumu inamwalira pa 1 Disembala 1135 ku Normandy. Matilda anali kutali ku Anjou, dera lina la ku France, kwa mwamuna wake wachiwiri Geoffrey, amene anakwatirana naye mu 1128. Stephen anali ku Boulogne, pa gombe la France moyang'anana ndi England. Anawoloka nyanja, anthu a ku London anamulandira, mng'ono wake Henry, bishopu wa ku Winchester, anamuthandiza kupeza chuma cha ufumu, ndipo pa 22 Disembala anadzozedwa ku Westminster. Panangopita masabata atatu, mtembo wa malume ake usanafike n'kumanda komwe.

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo. William de Corbeil, bishopu wamkulu wa ku Canterbury, poyamba anazengereza chifukwa ankadziwa za lumbiro lija. Ndiye nduna ina, Hugh Bigod, inalumbira kuti mfumu ili pafupi kutsirizika inasintha maganizo n'kusankha Stephen. Panalibe chikalata, panali pakamwa pa munthu basi, ndipo pa mawu amenewo lumbiro la khamu lonse, lochitika poyera kawiri, linamasulidwa. Deuteronomo 19:15 amakana kuti nkhani ikhazikike pa mboni imodzi, ndipo bishopuyo lembali ankalidziwa. Mafuta atathiridwa pamutu, anthu a nthawiyo ankakhulupirira kuti palibe angawachotse. Papa Innocent II anavomereza Stephen mu 1136. Pamene mbali ya Matilda inakadandaula ku Rome mu 1139, oimira Stephen anafukula nkhani yakuti amayi a Matilda anali sisitere, choncho iye sanabadwire mu ukwati weniweni. Chonsecho Anselm, bishopu wamkulu wa ku Canterbury, anali ataifufuza kale mu 1100 n'kupeza kuti mayiwo anangokulira kwa masisitere koma sanachite malumbiro. Kudetsa mbiri ya mayi womwalira kuti mwana wake amanidwe cholowa ndi nkhanza imene timaionabe pa maliro.

Mfumu Henry nayonso inalakwitsa. Inalumbiritsa anthu koma sinapatse mwana wake chogwirika. Matilda ndi Geoffrey atapempha malinga ena a nkhondo a ku Normandy idakali moyo, inakana, ndipo inafa akusemphana. Ukwati wa ku Anjou nawo unapatsa ena pothawira, pakuti Anjou anali mdani wakale wa Normandy, ndipo Roger, bishopu wa ku Salisbury, anati iye analumbira poganiza kuti mwanayo sadzakwatiwa kunja nduna zisanafunsidwe.

Zotsatira zake zinali nkhondo. Mu 1139 Matilda anakocheza ku Arundel ndi Robert wa ku Gloucester, mlongo wake wa bambo mmodzi, pamodzi ndi asilikali apakavalo 140. Pa 2 Febuluwale 1141 Stephen anagwidwa pa nkhondo ya ku Lincoln n'kutsekeredwa ku Bristol. Bishopu Henry yemwe uja anatembenuka, n'kulengeza ku Winchester kuti Matilda ndiye mayi wolamula England. Koma chisoti sanachivale. Atafika ku London mu Juni anauza anthu a mumzindawo kuti apereke ndalama zambiri, iwo atatopa kale ndi nkhondo, ndipo anaimba mabelu n'kumuthamangitsa chakudya chili patebulo. Olemba mbiri a nthawiyo anamunena kuti ndi wodzikuza. Ine ndikuona kuti ukali womwewo akanauonetsa mwamuna akanamutama, komabe pa nkhani ya ndalamayo analakwadi. Mu Seputembala Robert anagwidwa, ndipo kuti amuombole anamasula Stephen. Mu Disembala 1142 Matilda atazingidwa ku Oxford anathawa usiku atavala zoyera kuti asaoneke pa chipale, n'kuwoloka mtsinje wa Thames madzi ataundana.

Amene anamva kuwawa kwenikweni ndi anthu wamba. Midzi inatenthedwa, minda inagonera, njala inalowa. Mmonke wina wa ku Peterborough analemba kuti anthu ankanena poyera kuti Khristu ndi oyera ake agona tulo. Matilda anabwerera ku Normandy mu 1148. Mu 1153 Stephen, mwana wake Eustace atamwalira, anavomera kuti mwana wa Matilda adzamulowe m'malo, ndipo mwanayo, Henry II, anadzozedwa mu Disembala 1154. Matilda anakhala ku Rouen akulangiza mwana wake ndi kuthandiza nyumba za amonke mpaka anamwalira pa 10 Seputembala 1167.

Tsono, abale anga, pali zimene ndikupempha m'mpingo muno. Bambo kapena mayi amene muli ndi nyumba, munda kapena ndalama ku banki, lembani wilu mudakali ndi mphamvu. Musaine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, ndipo mbonizo zisakhale mwa olandira chumacho. Tchulani ana ndi mayina awo onse, aakazi ndi aamuna, ndipo mukasintha maganizo lembaninso, musangonong'oneza wina m'chipatala. Mapepala a malo ndi a nyumba akhale podziwika kwa amene mwamusankha, makamaka ngati ali kutali ku Joni kapena ku UK, chifukwa amene ali pafupi ndi makiyi ndiye amayamba kulowa. Ku Malawi lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chuma chotere ndi mlandu.

Akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano, inu mumakhala pa siwa ndi pa zokambirana za pambuyo pa maliro. Wina akati malemu anandiuza ndili ndekha, funsani amene analipo ndi pamene zinalembedwa, ndipo musavomere kugawa kanthu mwana kapena mayi wamasiye asanafike. Ngati munaikirapo umboni malemu ali moyo, imani pa mawu anu ngakhale achibale akukwiyireni, monga Salimo 15:4 likunenera za wolumbira amene sasintha zikamuwawa. Amene mukufuna thandizo pa kalembedwe ka wilu, onanani ndi mlembi wa mpingo tikaweruka Lamulungu.

Ambuye akusungeni pamodzi ndi mabanja anu.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.